Levulo Yobwereketsa

Ine ndine mmisiri womanga nyumba, ndipo anthu a ku Zingwangwa kuno amati ndine wovuta. Sindikana. Ndikalowa m'shopu yogulitsa zipangizo sindiyamba ndi kufunsa mtengo, ndimayamba ndagwiragwira katundu. Tchizulo ndimaigogoda pasimenti n'kumvetsera kulira kwake: chitsulo chenicheni chimalira nthawi yaitali, chachinyengo chimangoti phu ngati wagwetsa mbatata. Sowo ndimaipinda pang'ono kuti ndione ngati ibwerere mwakale. Atsikana ogulitsa m'mashopu otchipa a ku Limbe aja anafika pondidziwa, moti ndikangolowa mmodzi amanditsatira pambuyo kuopa kuti ndithyola kanthu. "Madala, mugula kapena mukungoyesa?" Ine ndimati ndikuyesa kaye, poti pakhoma pawo analemba okha ndi zilembo zikuluzikulu kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Munthu wokuuziratu zimenezo usanagule ndiye kuti akudziwapo kanthu pa katundu wakeyo.

Komatu sikuti zonse za m'mashopu amenewo n'zofoira. Chingwe chomangira ndimagula komweko ndipo sichinandikhumudwitsepo, chingwe n'chingwe basi. Ndowa zapulasitiki zotungira madzi pasaiti, magolovesi, mapensulo, mabulashi opakira laimu, zonsezi gulani zotchipa mtima uli m'malo, chifukwa ngakhale mutagula zodula zidzathabe, kapena wina adzapita nazo kwawo. Fosholo yakumeneko imagwira ntchito, bola mukangogula mupite nayo kwa owotcherera ku Ndirande akailimbitse pakhosi, apo ayi tsiku lachitatu mutsala ndi mpini wokha m'manja. Koma hamala ayi. Ndinagulapo imodzi yonyezimira bwino, mpini wake wofiira, ndipo ndikukhoma phaso ku Chilomoni mutu wake unachoka n'kuuluka, kukagwera m'beseni la mayi mwini nyumba amene ankachapa pansi. Mayiwo anakhala masiku awiri osandilankhula. Maloko nawo musayerekeze. Ndinagula awiri tsiku limodzi, wina wa pakhomo wina wa bokosi, kufika kunyumba n'kupeza kuti kiyi wa uyu akutsegulanso uyo. Nditayesa pa kachimbudzi ka aneba, amene anagula loko wawo m'shopu yomweyo, nakonso kanatseguka.

Zimene ndimaziopa kwambiri ndi zoyezera: tepi, sikweya ndi levulo. Hamala ikathyoka umaona pompo kuti yathyoka, umatukwana n'kukagula ina. Tepi yabodza imakhala bwinobwino m'thumba mwako, manambala ake owala, iwe ukudula matabwa a eni ake ndi chikhulupiriro chonse. Tsiku lina ndinatenga matepi awiri pashelefu imodzi n'kuwatambasula limodzi pakauntala. Pa mita yoyamba ankagwirizana, pofika pa mamita atatu anali atasiyana pafupifupi theka la chala. Ndinamufunsa mtsikana wogulitsayo kuti yoona ndi iti. Anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato n'kunena kuti zonse n'zabwino, ndingosankha mtundu umene wandisangalatsa.

Ndiye mufunsa kuti munthu wodziwa zonsezi ankakafunako chiyani ku mashopuko. Ndinkagula zobwereketsa. Kuno ukakhala mmisiri, zipangizo zako ndi za aliyense. M'mawa uliwonse pamabwera wina pakhomo: odi, mutibwerekeko hamala, mutibwerekeko sowo tidule kanthambi. Kukana sungakane, anthu ake ndi omwewo amene umapemphera nawo, omwewo adzabwere kudzagona pa maliro ako. Koma zobwerera zimabwerera zitatheratu, zina osabwerera n'komwe. Mpeni wanga womangira woyamba, umene ndinayamba nawo ntchito, unapita choncho: wobwereka anati anabwereketsa mnzake, mnzakeyo akuti anasamukira ku Bangwe. Sowo yanga ya matabwa ndinakapeza munthu akudulira paipi yachitsulo, alibe n'komwe manyazi, akundifunsa kuti bwanji ndi yobuntha. Ndinapsa mtima, kenako ndinapeza nzeru. Zipangizo zenizeni ndinaziika m'bokosi lachitsulo kunsi kwa bedi. Kuseri kwa chitseko cha pabalaza ndinakoleka thumba la feteleza n'kudzazamo za ku Limbe. Wobwereka akabwera ndinkapisa m'thumbamo ndikumwetulira, iye n'kumapita akuthokoza, ati madala aja masiku ano asintha. Mayi a kunyumba sankazikonda zimenezi. Ankati ndi bwino kumuuza munthu kuti ayi kusiyana n'kumupatsa chinthu choti iwe mwini sungagwiritse ntchito. Ine ndinkawayankha kuti iwo sanagulepo sowo. Kunena zoona ndinkadzitama nalo thumbalo, mpaka kumalangiza amisiri anzanga kuti nawonso azitero.

M'thumba limenelo munalinso levulo yachikasu. Ndinaigula chifukwa anthu ankandivuta kufuna yanga ya aluminiyamu, imene anandisiyira folomani amene anandiphunzitsa ntchito. Levulo imakhala ndi timagalasi tiwiri tokhala ndi kathovu mkati: kamodzi n'koonera ngati chinthu chagona mofanana, kenako n'koonera ngati khoma laima mowongoka. Kuiyesa n'kosavuta. Umaigunditsa pakhoma n'kuona pamene kathovu kaima, ukatero umaitembenuza n'kugunditsa mbali inayo pamalo pomwepo. Ngati ili yoona, kathovu kamabwerera pomwe kanali. Yachikasuyo ndinaiyesa tsiku lomwe ndinaigula, pa feremu ya chitseko changa. Kagalasi kogona kanali bwino ndithu. Koimirira kankanama, osatinso pang'ono. Ndinaseka, ndinawaitana mayi a kunyumba kuti adzaone, kenako ndinaiponya m'thumba muja. Ndinati obwereka levulo kuno amangofuna kuwongola shelefu kapena kakhonde, palibe angamangire nyumba. Ndikulemba zimenezi kuti pasapezeke wondiikira kumbuyo, chifukwa ndinkadziwa kuyambira tsiku loyamba.

Ndili ndi mchemwali mmodzi yekha, womaliza kubadwa m'banja mwathu. Makolo atamwalira anakulira m'nyumba mwanga, moti ngakhale lero ali mayi wa ana awiri ndimamutchabe iwe. Anakwatiwa ndi bambo wa ku Mulanje, mlonda pa kampani ina m'tauni, ndipo ankakhala ku Manje m'kanyumba kawo ka pamtunda. Namondwe wa 2023 uja atabwera, madzi ndi matope zochokera m'phiri zinakokolola kanyumbako konse. Iwo ndi ana anapulumuka ndi zovala za m'thupi zokha. Aneba awo ena sanapulumuke. Kuchokera nthawi imeneyo mchemwali wangayo akamva mvula padenga amaimirira, sangakhale pansi, amangoyang'ana makoma. Anakhala ku kampu pasukulu, kenako m'bale wa mwamuna wake ku Machinjiri anawapatsa kachipinda kamodzi, ndi kamalo kumapeto kwa puloti yake koti amangepo. A kumpingo kwawo anawathandiza matumba a simenti ndi malata, njerwa anaumba okha n'kuwotcha. Mchemwali wanga ananenetsa kuti nyumba yomangira matope sakuifunanso. Ine ndinalonjeza kuti ndidzawamangira ndekha ndikangomaliza ntchito imene ndinali nayo ku Kanjedza. Ntchitoyo inkangotalika, mwini wake ankasintha pulani sabata iliyonse, ine n'kumangowauza a ku Machinjiri kuti adikire pang'ono, miyezi ikupita.

Alamu angawo sindinkawakhulupirira, ndipo chifukwa chake chinali wilibala. Zaka zingapo m'mbuyomo anabwereka yanga kuti atutire mchenga masiku awiri, inakakhalako mwezi, n'kubwera ndi tayala lina losakhala lake. Iwo anati lakale linaphulika ndiye anagula limenelo. Ine ndinaganiza kuti ankaichititsa hayala kwa anthu otuta mchenga kumtsinje, tayala langa labwino n'kugulitsa. Umboni ndinalibe, mpaka lero ndilibe. Koma ine munthu ndikamuika mbali imeneyo, kumuchotsako kumandivuta. Kuwonjezera apo alamuwo ndi munthu wofatsa mopitirira, wolankhula akuyang'ana pansi, ndipo anthu otere ine ndimati akubisa kanthu.

Loweruka lina m'mawa, mu Sepitembala, anafika pakhomo ali mu yunifomu, akuchokera kolondera. Tinapatsana moni, mayi a kunyumba anawapatsa tiyi, tinafunsana za ana. Atamaliza kumwa anapukuta pakamwa n'kuyamba kuzungulira.

"Alamu, ndimati ngati n'kotheka mundibwerekeko levulo."

"Levulo? Ya chiyani?"

"Kantchito kakang'ono chabe, kunyumba kuja."

"Kantchito kanji?"

"Aa, n'kochepa alamu. Ndibweza msanga."

Mawu akuti ndibweza msangawo ndi amene anandimaliza, poti ndi omwe ananenanso tsiku la wilibala. Mumtima ndinati ameneyu wapeza kaganyu kwinakwake, kapena pali mmisiri amene wamutuma kuti adzanditengere levulo yanga yabwino. Sizinandifike n'komwe m'mutu kuti munthu watopa kudikira ine, mvula ikuyandikira, ndipo akuchita manyazi kundiuza kuti waganiza zomanga yekha. Kuchipinda sindinaloweko, ndinangopisa m'thumba la kuseri kwa chitseko. Anailandira ndi manja awiri. Mayi a kunyumba ankatola makapu, anaima n'kundiyang'ana. Mlendo atapita anangoti, "Bambo, ngakhale alamu anu?" Ine ndinati alamu angawo makamaka.

Panapita masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Levulo sinabwere, ine n'kumawauza mayi a kunyumba kuti mwaonatu, ndinkanena ine. Kenako mchemwali wanga anaimba foni, mawu ake ali osangalala mmene ndinali ndisanawamverepo chichitikireni namondwe. "Achimwene, Lamulungu likubwerali mukaweruka ku tchalitchi mubwere kuno. Tili ndi choti tikuonetseni." Ndinafunsa kuti n'chiyani, iye anaseka n'kunena kuti ndidzaona ndekha.

Ndinakwera maminibasi awiri, kutsika pa siteji yawo, kenako wapansi kukwera kamtunda. Nyumbayo ndinaiona ndidakali patali. Zipinda ziwiri ndi pabalaza, makoma atapitirira mawindo, njerwa zoyalidwa mwaukhondo kuposa amisiri ena amene ndimawadziwa. Koma diso langa lagwira ntchito imeneyi zaka zambiri. Makona onse anayi ankapita kunja, nyumba inali yotambasuka kumwamba ngati ndowa. Munthu wamba sakanaona msanga. Denga likanakwera pamenepo, kulemera kwake kukanawakankhira makomawo komwe anayamba kale kupita, ndiye kubwere mvula ya masiku atatu ndi mphepo yake.

Mchemwali wanga anandichingamira akupukuta manja pachitenje. Anandigwira dzanja ngati kale ali mwana, kundizungulitsa nyumba yonse: umu mogona ana, umu mwathu, apa ndidzaikapo kabati. Anati alamu akaweruka m'mawa sankagona, ankamanga mpaka dzuwa kufika pamutu, iye n'kumatunga madzi ndi kusakaniza simenti ndi mchenga. Sanafune kundivutitsa poti ndinali wotanganidwa, ankangofuna ndidzawathandize bimu ya konkire yozungulira pamwamba pa makoma, ndi denga. Alamuwo anaima chapatali, manja kumbuyo, kudikira kuti mmisiri anenepo kanthu.

Ndinatola kamwala, ndinapempha chingwe n'kumangirira, kenako ndinakwera pa diramu la madzi pa kona. Ndinagwira chingwe pa njerwa yapamwamba n'kusiya mwala ulendewere. Unaima patali ndi khoma pansipo, mpata wolowa zala zitatu. Ndinasuntha diramu kupita pa kona ina, chimodzimodzi. Pofika pa kona yachitatu mchemwali wanga anali atasiya kulankhula.

"Achimwene, ndiye kuti chiyani?"

"Makoma apendekera kunja."

"Angagwe?"

"Denga likakwera, tsiku lina angagwe. Ine pamenepa sindingakhomepo malata."

Anatembenukira mwamuna wake. Sanakalipe mokweza, bola akanakalipa. Analankhula motsitsa. Anati anawauza kuti adikire achimwene, iwo n'kumati atha, anaonera amisiri a ku ntchito kwawo. Anati simenti yense wa kumpingo wathera pa makoma oti adzawagwere. "Mukufuna zimene zinakanika ku Manje zidzachitikire kuno? Ana anga azigona m'menemu?"

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene ndimachita nacho manyazi kuposa kubwereketsa kuja. Ndinatsika pa diramu n'kunena kuti kugwira levulo kumafuna kuzolowera, si aliyense angathe. Ndinanena choncho ine, levuloyo ndikuiona ili potero pa mulu wa njerwa.

Alamu anapita kukatenga levulo ija, anaipukuta ndi malaya, n'kuigunditsa pa kona yoyamba. "Taonani alamu, mwina ine sindikuona bwino." Kathovu kanali pakati penipeni. Anapita pa kona yachiwiri, pakati. Anati ankayeza mzere uliwonse wa njerwa, ndipo kathovu kakapita pambali ankagumula n'kuyambiranso. Nthawi zina diso linkawauza kuti khoma likupita, koma ankadziuza kuti diso la mlonda silingapose chipangizo cha alamu. Manja awo anali ong'ambikang'ambika ndi simenti, m'zala muli zilonda. Munthuyo anachita chilichonse chimene chipangizocho chinamuuza, ndipo ine ndinali nditangomutcha mbuli pamaso pa mkazi wake.

Ndinawalanda levuloyo, ndinaitembenuza, n'kuigunditsa pamalo pomwepo. Kathovu kanathawira kumapeto. "Vuto si inu, alamu. Levuloyi ndi yabodza."

Mchemwali wanga anausa moyo n'kukhala pa njerwa. Anayang'ana mwamuna wake ndi maso achisoni, kenako anayamba kudzudzula eni mashopu. Anati anthu amenewa alibe chifundo, akugulitsa zinthu zoti ziphe anthu, taonani apusitsa ngakhale achimwene amene amayesa chilichonse. Pothawira panapezeka pamenepo, ndikanangovomera kuti eee, andipusitsa, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndipo ndikanavomeradi, sindikufuna kudzikometsa. Koma alamu, amene ine ndinkati ndi ogona, anali akuyang'anabe levuloyo m'manja mwanga.

"Nanga alamu, nyumba zonse mumamanga zija, mumayezera yomweyi?"

Anafunsa mwaulemu, osati kufuna kundikola ayi. Ankadera nkhawa nyumba za anthu ena.

"Ayi. Ndili ndi ina."

"Nanga iyiyi ndi ya chiyani?" anafunsa mchemwali wanga.

"Yobwereketsa."

"Munkadziwa kuti ndi yabodza?"

"Ndinkadziwa."

Ndinayamba kufotokoza za anthu osabweza zipangizo, za mpeni wanga woyamba, zoti alamu sananene kuti akumanga nyumba, koma ndinkadzimva ndekha kuti ndikungobwebweta. Mchemwali wanga anadzuka n'kupita kukaona mphika wa mpunga umene anateleka chifukwa cha ine. Anandiphikira ndithu, anandipatsa madzi osamba m'manja atagwada monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinadya ndekha mumthunzi wa khoma lopendekeralo.

Nditafika kunyumba madzulo ndinawafotokozera mayi a kunyumba zonse, osasiyako. Ndinkayembekeza kuti anena kuti ndinakuuzani, ndipo yankho ndinali nditakonza kale mu minibasi. Sananene. Anangofunsa kuti ana aja agona kuti mvula ikayamba, poti kachipinda kobwerekako denga lake limadontha.

Lolemba ndinakawauza bwana a ku Kanjedza kuti apeze mmisiri wina. Lachiwiri ndinafika ku Machinjiri ndi bokosi lachitsulo lija. Choyamba kuphwanya chinali levulo yachikasu, kuopa kuti wina angaitole. Kenako tinagumula makoma kuyambira pamwamba mpaka pafupi ndi maziko. Akanamangira matope bwenzi njerwa zikuchoka zathunthu, koma alamu sanaumire simenti, anatsatira mawu a akazi awo, ndiye njerwa zambiri zinasweka. Masiku onse ogumulawo mchemwali wanga sanabwere kudzaonerera, ankakhala kuseri kwa nyumba ya eni puloti, koma hamala ankaimva. Simenti wina ndi njerwa zowonjezera ndinapeza ine, njinga yanga inapita chifukwa cha zimenezo. Alamu anapempha tchuthi ku ntchito n'kukhala wondisakanizira simenti ndi kundipatsira njerwa. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa kutukwanidwa. Ankangofunsa za ntchito n'kumaonetsetsa mmene ndikuchitira. Ndinawaphunzitsa kutembenuza levulo ndi kuyeza ndi mwala pachingwe, zinthu zoti ndikanawauza asanamalize n'komwe kapu ya tiyi.

Nyumba imeneyo ndinaimanga mmene sindinamangirepo ya bwana aliyense. Kunkatentha koopsa, masana mitambo n'kumasonkhana pamwamba pa phiri la Ndirande, tonse n'kumaiyang'ana. Tinathira bimu, inauma, ndinakonza mapaso, mpaka linakwana tsiku lokhoma malata.

M'mawa wa tsikulo ndinafika n'kupezapo bambo wina wachikulire, mmisiri wa kumpingo kwa mchemwali wanga. Ndimamudziwa, tinagwirapo ntchito limodzi ku Chirimba, ndipo pulasitala wake ine sindimuwerengera. Anali ndi levulo yake m'manja, akuoneka womangika. Anandipatsa moni n'kunena kuti mchemwali wanga wamupempha adzangoonako pang'ono, iye sanadziwe kuti mmisiri wake ndi ine. Mtima unandipsa, ndinafuna kunyamula bokosi langa n'kumapita. Ndinamuyang'ana mchemwali wanga, iye anandiyang'ananso osaphethira.

"Yezani, bambo," ndinatero. "Yezani paliponse."

Anayeza kona ndi kona, kunja ndi mkati, mchemwali wanga ali pambuyo pake. Pa kona iliyonse ankamuuza kuti atembenuze levuloyo ayezenso. Khoma la chipinda cha ana analiyeza katatu. Ine ndinaima pa mulu wa mchenga chipewa chili m'manja, ngati wongoyamba kumene ntchito. Zinandiwawa kwambiri, ndipo ndinalibe woti ndimudandaulire, poti mwana ameneyu ndinamulera ndekha, ndipo mantha akewo amene anawawonjezera ndine.

Bamboyo atamaliza anati nyumba ili bwino zedi, makona owongoka chonchi sawaonaona. Mchemwali wanga anamuthokoza, anamuperekeza mpaka pamsewu, pobwera anati, "Ati zili bwino, achimwene. Mukhoza kukhoma." Ndinakwera n'kukhoma. Mvula yoyamba inagwa patangopita masiku ochepa, inawapeza ali m'nyumba yawo.

Timayenderana ndithu. Ana ake amabwera pa holide, pa Khirisimasi anatitumizira nkhuku, tikakumana pa maliro kapena pa ukwati amandipatsa moni wonse. Nyumbayo ilibe mng'alu ngakhale umodzi. Koma mwezi wathawu mwana wake wamkulu atabwera kudzacheza, anandiuza mongocheza kuti chitseko chawo chakumaso chinayamba kukhula pansi, koma chakonzedwa kale. Ndinafunsa kuti wakonza ndani. Anati amayi anaitana bambo a kumpingo aja.